Chithunzi Changa cha ku Shannon

Anzanga, mpaka lero munthu akandilozetsa kamera, ndimabisa nkhope.

Munali mu 2005, ndikupanga masters ku Dublin. Landlady wanga ku Santry, mayi Evelyn, ankapemphera ndi ma Quaker. Anthu amenewa amangokhala chete ola lathunthu, opanda m'busa, opanda kwaya. Ine wokulira mu CCAP ndikapita nawo ndinkangoyasamula.

Tsiku lina pa tea, mapemphero atatha, wina anandinong'oneza: "Imwe sister, mwenze kupemphera olo kugona?"

Chinyanja cha ku Lusaka! Kutembenuka... mnyamata wamtali, kamera ili m'khosi. Norbert. Ankagwira ntchito ya security ku Citywest.

Anzanga, ndinagwa m'chikondi osadzigwira.

Gulu lathu la ma Quaker linkapita ku Shannon airport kukaima ndi zikwangwani zokana nkhondo, poti ndege za asilikali opita ku Iraq zinkatera pamenepo. Ine kunena zoona ndinkatsatira Norbert. Iye ndiye ankajambula aliyense.

"Bwera ujambulitse nafe," ndinkatero.

"Awe Tiyezge, wojambula saoneka."

Tsiku lina mvula inatipeza konko. Anandiveka jekete yake yofiira.

"Tiye, seka!"

Ndinaseka, n'kumuponyera kiss. Nditapempha chithunzicho anati film inapsa.

Itakwana nthawi yowonjezera visa, ndinapita ku ofesi ya immigration ndilibe nkhawa. Kunatsala dissertation yokha. Koma anandilowetsa m'kachipinda kena. Bambo wa tayi anatsegula folder.

"Is this you?"

Mayo ine! Zithunzi mbwee pa tebulo, mayina athu atalembedwa kumbuyo. Pakati pake ine, jekete yofiira, milomo ili tu, ndikuponya kiss.



Anandifunsa ngati ndinabwera kudzaphunzira kapena kudzachita ndale. M'malo mwa chaka anandipatsa three months, ati aganize kaye.

Madzulo omwewo ndinamupeza Norbert akutsika sitima ya Luas ku Tallaght.

"Film ija unati inapsa, eti?"

Anayang'ana nsapato zake.

"Tiye... mapepa yanga yanasila kudala. Ba immigration bananigwila. Banakamba ati nizibapasa ma pictures na maina, olo nikwele ndeke."

"Ndiye unasankha kuti ndikwere ine?"

"Chija chako nenze kufuna kusunga, banatenga film yonse. Koma kukukonda nenze serious."

Serious?! Ndinavula jekete yake ija n'kumuponyera kumaso, anthu akuonerera. Sindinasamale.

Kunyumba ndinafika ndikulira, n'kuwauza mayi Evelyn zonse. Mukudziwa? Sanadabwe n'komwe.

"Tinkadziwa kuti pali wina amatinena, mwana wanga. Koma ife sitibisa kanthu. Aliyense timamupatsa mpando."

"Munkadziwa?! Osandichenjeza? Inu muli ndi passport, mayi. Ine ndili ndi stamp chabe!"

 Misozi yawo inayamba kutsika. Anali asanaganizepo zimenezo.

Dissertation ndinaimaliza mothamanga pa three months zija. Visa sanawonjezerenso. Degree yanga inanditsatira pa post ku Mzuzu, gown sindinavale. Norbert ndinamva kuti anatsala, mapepala ake anatuluka.

Anzanga, munthu amene amajambula aliyense koma iye osafuna kuoneka, mufunseni kumene zithunzizo zimapita.

Chimene chimandipweteka n'chakuti pa chithunzi chija ndinatuluka bwino kuposa zonse. Ndinali m'chikondi, nkhope ikuwala. Ndinachiona kamodzi kokha, chili m'manja mwa bambo wa tayi uja.