Mayi Thanga ndi Kampira ka M'pampu

Mapiko asanu ndi limodzi, ndipo konseko kamakwana m'chikhatho cha mwana. Ndi kampira kozungulira kamene kamakhala m'pampu ya injini ya boti, amakaniko amati impela. Ntchito yake ndi kukoka madzi pansi pa boti n'kuwakankhira m'injini kuti isatenthe. Mtengo wake ndi phindu la maulendo anayi odzaza, ndipo kamodzi kamayenera kutha chaka. Mayi Thanga anathetsa titatu m'miyezi iwiri yokha. Masiku amenewo ukawapatsa moni ankakuyang'ana ngati wawatukwana.

Dzinali anawapatsa ndi anthu a padoko. Anakulira m'boti la bambo awo, la matabwa, la thanga limodzi ndi kainjini kothandiza mphepo ikagona. Atsikana anzawo akulukana tsitsi, iwo ankasoka zigamba pathanga. Anakwatiwa, banja linatha, anabwerera ndi ana awiri. Bambo atamwalira, boti linatsala m'manja mwawo. Amakhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa wowotcherera zitsulo, ndipo pakhomo pawo umadumpha zingwe usanapeze mpando.

Tsiku ndi tsiku amawolotsa anthu, koma anthu lero alipo, mawa palibe. Chimene chinkalipira sukulu ya ana ndi katundu wa mwini golosale wa kutsidya: makatoni a sopo, shuga, mafuta ophikira ndi buledi, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse.

Kampira kaja amakasamala kuposa mano awo. Mwezi ukatha amamasula chivundikiro cha pampu, n'kupinda phiko lililonse kuti aone ngati layamba ming'alu. Pokabwezera amakapaka sopo wotsukira mbale, osati girizi, chifukwa girizi amawoletsa mpira. M'sefa ya madzi olowa m'pampu amachotsamo udzu ndi mchenga. Boti likati likhala nthawi osayenda, amakatulutsa n'kukasunga m'botolo kuti mapiko asaume atapindika. Koma lamulo lalikulu ndi ili: injini siilizidwa boti lili pamtunda. Madzi ndiwo amakatereretsa kampirako. Kakazungulira kouma kamapsa munthu asanamalize kumwa tambula ya madzi.

Kenako anabwera achimwene awo kuchokera m'tauni, kumene anakhala zaka zambiri akuitanira minibasi. Ntchito inatha, ndipo poti boti n'la bambo awo onse, Mayi Thanga anawalandira. Anagawana ntchito: m'mamawa mayi amapita ku holoselo kukatenga katundu pangolo, achimwene amatsala padoko kusonkhanitsa anthu mpaka boti likankhidwire m'madzi. Kunena zoona, anthu anayamba kudzaza kuposa kale.

Kampira koyamba katatha, Mayi Thanga anakalalatira wogulitsa zitsulo za injini, amvekere amagulitsa zinthu zabodza. Kachiwiri anati ndi mchenga. Maulendo onse awiri katundu anafika mochedwa, ndipo mwini golosale anawachenjeza: "Mayi, buledi wa m'mawa sagulitsidwa madzulo. Mukachedwanso, katunduyu ndimupereka kwa a boti la injini ziwiri."

Lachisanu lina ali pakati pa madzi, mphepo itagona, injini inasintha kaliridwe. Paipi ya utsi, imene imalavula madzi pampu ikamagwira ntchito, inangotsokomola kouma. Fungo la mpira wopserera linadzaza boti. Mayi Thanga anazimitsa msanga, anagwada, anamasula chivundikiro. Mapiko awiri anali ataduka, otsalawo ali bii ngati makala.

"Kachitatu!" anatero. "Ndalakwira ndani ine?"

Mayi wina wonyamula dengu la mazira anawayang'ana mwachifundo. "Pepani anzanga. Komatu m'mawa uno imalira bwino. Tsiku lililonse timaimvera kumsewu, n'chifukwa chake timathamanga."

"M'mawa? Nthawi yanji?"

"Inu musanafike. Boti likadali pamchenga."

Mayi Thanga anatembenuka pang'onopang'ono, sipanala ili m'manja. Achimwene anali kutsogolo, akuyang'ana mtambo umene kunalibe.

"Achimwene."

"Ee, chemwali."

"Mumaliza injini pamtunda?"

"Kangapo chabe. Vruu, vruu, basi. Anthu akamva injini amati ikunyamuka. Ku siteji timatero, iwe sudziwa. Ukuyesa anthu onsewa abwera chifukwa cha nkhope yako?"

Anthu ena anaseka, koma anasiya msanga.

"Siteji! Mwaona tayala pansi pa boti lino? Minibasi imayenda ndi madzi ake m'mimba. Injini iyi imamwa madzi amene boti laimamo, ndiye inu mumaipatsa mchenga ndi mphepo! Ine ndinakanyoza munthu wosalakwa m'shopu mwake, ana ake akumva, pamene mfiti ndikudya nayo mbale imodzi!"

"Pakamwa apo, chemwali. Ndine mkulu wako."

"Ukulu wanuwo upalase boti, tione."

"Nanga unandiuza?"

Funso limeneli ndi limene linawapsetsa mtima kwambiri, chifukwa linali loona. Sanawauze. Kwa iwo zinali ngati kuuza munthu wamkulu kuti moto umawotcha. Anangobwerera ku injini. Kampira kena analibe. Komabe anamasula paipi n'kuyamba kusaka zidutswa za mapiko ndi waya, chifukwa zikatsalira m'katimo zimatseka njira ya madzi, ndipo ngakhale uike kampira katsopano injini imatenthabe. Chimodzi chinatuluka msanga. Chinzake chinawavuta mpaka chala chinatuluka magazi.

Dzuwa linawotcha. Ana analira, bambo wina anayamba kufuna ndalama yake. Achimwene anatenga nkhafi n'kuyamba kupalasa, thukuta lili kamukamu, koma boti lodzaza shuga silimva nkhafi imodzi. Mphepo inadzuka dzuwa litapendeka, thanga linafufuma, ndipo anafika kutsidya sukulu zitaweruka.

Mwini golosale anali padoko, manja m'chiuno. Sanakalipe. Anauza antchito ake atsitse makatoni, analipira, n'kunena kuti, "Zikomo mayi, tagwira ntchito bwino zaka zonsezi. Kuyambira Lachiwiri musavutikenso."

"Abwana, vuto ndalipeza lero. Silibwereranso."

"Munateronso ulendo watha."

Pobwerera mphepo inali yabwino. Atatsala pang'ono kufika achimwene anati, "Ndikawapepesa abwanawo ndekha."

"Asiyeni. Ngati mukufuna kupepesa, mukayambe ndi wogulitsa zitsulo uja. Tipitira limodzi, chifukwa ndikukatenga kampira kena, ndipo muika ndinu, ndi manja anu, ine ndikuyang'ana."

"Ndiye anthu ndiziwaitana bwanji?"

"Pakamwa mulibe? Kukamwa kwanuko kumamveka mpaka kumsika."

Mkwiyo unali usanathe, koma mutu unali utayamba kale kugwira ntchito. Kutsidya anthu akumanga nyumba, ndipo a boti la injini ziwiri amakana simenti, amati imadetsa mipando. Simenti siuma ngati buledi, ndipo ikachedwa ndi mphepo palibe amalira. Maulendo atatu pa sabata akhoza kutseka dzenje la golosale.

Mawa agula timpira tiwiri, kamodzi ka m'pampu, kena kosungira m'boti. Kiyi wa injini azikhala m'chikwama chawo mpaka boti litalowa m'madzi. Lolemba m'mawa apita kwa wogulitsa simenti kukakambirana mtengo wa thumba.