Msewu unakhota pa msuku

Mwana wanga wachiwiri anabadwa wakufa. Kwathu ku Dedza timati mtayo, ndipo nditakwatiwa ku Mzuzu ndinapeza mwambo wake uli womwewo. Amakamuika amayi okhaokha, popanda bokosi, popanda kulira maliro, ndipo mwamuna sauzidwa malo ake. Amayi awiri amene anamunyamula anandinong'oneza kuti ali pansi pa msuku, kumunsi kwa munda wathu ku Mzilawaingwe. Amuna anga sanafunse, inenso sindinanene.

Patapita zaka, a khonsolo anadula mapuloti kumtunda kwathu kuti kumangidwe nyumba zatsopano. Malole a njerwa anafuna msewu, ndipo njira zinali ziwiri. Yachidule inkadula khonde la golosale ya atcheyamani a chipani m'dera lathu. Inayo inkadzera kumunsi kwa munda wathu. Oyeza malo anakhoma zikhomo zawo pagolosale, m'mawa mwake zinapezeka zitazulidwa. Anakhomanso, zinazulidwanso. Tonse tinkamudziwa wozulayo, koma masiku amenewo ukadziwa kanthu unkangomeza malovu.

Kenaka anaitanitsa msonkhano. Tinakhala pa udzu wonyowa, nkhungu isanachoke, anyamata a chipani a malaya ofiira ataima kumbuyo kwathu.

"Muli anthu ena muno amene sakufuna chitukuko," anatero atcheyamani. "Chimanga ndi boma, chachikulu n'chiti?"

Ponena zimenezi maso awo anali pa amuna anga. Amuna angawo anali kalaliki, ndipo chaka chimenecho anzawo ena a ku ofesi anali atatengedwa pa galimoto osabwereranso. Ndinawaona akuimirira, chipewa chili m'manja.

"Yewo chomene, adada. Msewu udutse kumunda kwanga. Kulibe kalikonse kumeneko, ndi msuku waka basi."

Anthu anawomba m'manja. Ine ndinapsa mtima moti m'makutu munkalira. Kulibe kalikonse! Koma ndikanaimirira, ndikanakhala mdani wa chitukuko, ndiponso mkazi wopanda mwambo woulula za amayi pamaso pa amuna. Kunyumba sindinawalankhule. Iwo ankayesa ndikudandaula chimanga, mpaka anandilonjeza kuti adzandipezera dimba kwina.

Mwa amayi awiri aja, mmodzi anali atabwerera kwawo ku Nkhata Bay. Wotsalayo anali mkazi wa atcheyamani omwewo. Ndinazengereza, poti khonde lopulumukalo linali lawo, koma ndinalibe kwina kolowera. Ndinawapeza m'golosale akuthira shuga m'timapepala.

"Amama, mukukumbukira chimene chili pa msuku?"

Anayamba ayang'ana kukhomo. "Nkhukumbuka. Khalani chete, mwana wane. Tsiku lobwera katapila wolambula msewu mudzavale nsalu ya chipani."

Ndinatuluka ndisakudziwa ngati andithandiza kapena andigulitsa.

Katapila anabwera m'mawa, nayamba kudya chimanga changa mzere ndi mzere, kulunjika ku msuku. Ndinaima nditavala nsalu ija. Ndiye ndinamva ng'oma. Amayi a m'dera lonse anatsika ndi nyimbo, aliyense nkhope ya mtsogoleri wa dziko ili pathupi, n'kuzungulira mtengowo. Woyendetsa anazimitsa injini. Ndani akanayendetsa chitsulo kulunjika pa nkhope imeneyo?

Atcheyamani anafika ali wefuwefu. Akazi awo anagwada mwaulemu wonse, koma mawu anawakweza.

"Adada, pano ndi pamene ife amayi timaphunzirira nyimbo zokavinira mtsogoleri wathu akabwera. Mthunzi wathu ndi uwu. Ngati mukufuna mtengowu ugwe, nenani ndinu, anthu amve."

Anyamata a malaya ofiira aja anatembenuka kuyang'ana atcheyamani, monga momwe anayang'anira amuna anga tsiku lija. Bamboyo anapukuta thukuta kuli kozizira, n'kuseka kuseka kouma.

"Msewu ukhote," anatero.

Unakhotadi. Unatenga khitchini yathu ndi nthochi zonse, ndipo madalaivala a malole ankatukwana pokhotapo tsiku lililonse. Ine sindinadandaule khitchini.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti tinali tisanavinepo pamenepo chiyambire, ndipo kuti bodzalo lisaululike tinayenera kumavinapodi. Sabata iliyonse amayi ankabwera ndi ng'oma zawo, kuponda nthaka imene munagona mwana wanga, kuimba nyimbo zotamanda. Ndinkadana nazo ndi mtima wanga wonse. Ndinkafulumira kufika, n'kuima pamalo penipenipo kuti wina asapondepo, mapazi osawanyamula, ndikungogwedeza mapewa. Anzanga ankandiseka kuti a ku Dedza kuvina kwawo n'kwa ulesi chomene. Mkazi wa atcheyamani yekha ndiye sankaseka.

Tsiku lina amuna anga anaweruka msanga. Ndinawaona ataima mumsewu watsopanowo, atagwira njinga, akutionerera. Amayi atabalalika, amuna angawo anatsikira ku msuku.

"Amayi, bwanji nthawi zonse mumaima pamodzimodzi?"

Anayang'ana mapazi anga, n'kuyang'ana mtengo, n'kuyang'ananso pansi. Njinga inagwa, osaidzutsa. Anavula chipewa.

"Ndine ndinati kulibe kalikonse," anatero.

Mtayo saulira maliro, ndipo mwamuna sayenera kuima pamenepo. Koma anagwada pafumbi limene tinapondaponda lija, n'kulira mokweza, malole akudutsa. Sindinawaletse. Ndinasuntha mapazi anga kuti apeze poika dzanja.