Bokosi la pampu lopanda loko

Mwana wanga woyamba anali asanayambe kukwawa pamene anatiikira pampu ya dzuwa pakampu ya asikauti oteteza nyama zakutchire, kufupi ndi Kakumbi. Amuna anga anali sikauti, ndipo nthawi zambiri ankakhala kutchire.

Amene anaika pampuyo anali bambo wina wa ku Chipata. Pamtengo wa thanki anakhomapo kabokosi kachitsulo. Kabokosiko ndiko kankadzutsa pampu madzi akachepa, n'kuigoneka thanki ikadzaza. Popanda munthu. Ine ndinkaima patali, mwana kumbuyo, osamvetsa kuti kakuona bwanji madzi pomwe kalibe maso.

"Sindiikapo loko," anatero bamboyo. "Ndajambula zonse mkati mwa chivundikiro. Aliyense atsegule, akopere, akapange kake. Inenso ndinachita kupatsidwa."

Atachoka, amayi tinayang'anana. Kwathu chinthu chamtengo chikasiyidwa poyera, ndiye kuti n'chotsirika. Munda wa mango wopanda mpanda suulowa. Tinagwirizana kuti wogwira kabokosiko adzauma dzanja.

M'mwezi wa Okutobala pampu inangoti zii. Amuna onse ali kutchire. Tinabwerera kumtsinje, komwe ng'ona inali itagwira mbuzi chaka chomwecho. Mwana anayamba kutsegula m'mimba, ngakhale madziwo ndinkawiritsa. Matewera osatha, madzi ochapira palibe.

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene a amuna anga, anabwera kuchokera ku Mfuwe kudzaona mwana. Ndinamufotokozera za pampu ndi kabokosi kaja motsitsa mawu.

"Mlamu, mwana akufooka chonchi inu mukuopa chitini?"

"Chilibe loko, mlamu."

"Ndiye mumafuna akukhomereni kuti mukhulupirire? Tiyeni. Likauma dzanja langa muzidzandidyetsa ndinu."

Anatsegula ndi dzanja lamanzere, poti nayenso mantha analipo. Mkati munali mawaya ofiira ndi akuda, ndi chithunzi chodzaza mizere ndi Chingerezi. Sitinatolepo kanthu. Koma pakona panali thanki yojambulidwa, mkati mwake kampira kolendewera pachingwe.

"Kampira aka mudakaonapo?"

"Iyayi."

"Kwerani, ndinu wopepuka. Bweretsani mwanayo."

Ndinamanga chitenje, n'kukwera. Chivundikiro cha thanki chinali chosendezedwa, mwina ndi anyani, ndipo kampirako kanali katakodwa m'mwamba, pawaya wa chivundikirocho. Thanki ili youma gwa, koma kabokosi kankayesa kuti yadzaza. Ndinakola kampirako ndi kamtengo, kanagwera pansi m'thankimo, ndipo pampu inayamba kulira.

"Dzanja lili bwanji kumeneko?" anafuula mlamu.

Ndinaliyang'ana. Linali ndi dzimbiri chabe.

Mwana anachira sabata yotsatira. Pambuyo pake wokonza mawailesi wa ku Mfuwe anadzakhala pansi pa thanki tsiku lonse akukopera chithunzi chija, osabisala. Ndinadikira kuti mwini wake abwera kudzakalipa. Atabwera anangoseka, n'kumuonetsa pomwe analakwitsa waya umodzi. Mpaka lero sindidziwa kuti bamboyo ankapindula chiyani.