Matabwa a Bokosi la a Agustino

Amuna anga, a Agustino, adabwera kwathu kuno ku Dzoole kudzakhala chikamwini atanyamula khasu ndi bulangete basi. Mayi anga adatipatsa malo pamwamba pa phiri, amene aliyense ankawakana chifukwa cha miyala. Amuna angawo adaswa mphanje okha, kuzula zitsa, n'kudzala khonje m'malire monse. Moyo wawo udali wa fodya wa chikopa, uja wofukiza ndi utsi. Ankalowa m'nyumba yofukizira kukasonkha moto, n'kutuluka maso ali psuu, akutsokomola. Utsi umenewo ndi umene udawadya mapapo.

Chaka chimene tidavotera zipani zambiri, amuna angawa, bambo a mwana wathu Hana, adali oti kuchoka pamphasa kufika pakhonde, ali wefuwefu. Ife tidachita zimene timachita kuno munthu akadwala: kuwagoneka, kuwafunditsa, kuwaletsa ngakhale kutola ndodo yawo ikagwa. Tinkati tikuwasamala, koma miyendo inkangoonda.

Ndiye pali achimwene anga, a Benjamini. Ha, munthu uja! Nthawi ya chipani chimodzi adali apampando, okakamiza anthu makadi pamsika, oyenda pagalimoto. Makadi atatha, mimba idatsala koma choidyetsa padalibe. Atamva kuti tsopano munthu wamba akuloledwa kulima fodya wa bale, maso awo adagwa pamunda wathu. Tsiku lina adafika ndi ngolo n'kutsitsa matabwa pakhomo panga.

"Manesi mlongo wanga, ndakuthandiza," adatero mokweza, odwala akumva m'nyumbamo. "Awa ndi a bokosi la alamu. Zadzidzidzi si zabwino. Munda uja ndiusamala ndine."

Mpaka lero sindidawakhululukire. Nkhani itafika kwa akuluakulu a banja, adagamula kuti woswa mphanje ayende yekha m'malire, aloze khonje amene adadzala, anthu akuona, ndipo zichitike tikakolola. A Benjamini adaseka chikhakhali. "Akakafika pamwamba paja ndi miyendo yawo, mundawo ndi wanu mpaka kalekale!"

Mwezi womwewo ndidapita ndi amuna anga kuchipatala ku Mtengowanthenga kukatenga mankhwala. Namwino atawaona miyendo, adakalipira ine.

"Mayi, mukuwapha ndi mphasa! Mapapo awa sadzabwerera mwakale, koma thupi likafooka, kubanika kumakula. Aziyenda tsiku lililonse. Akabanika aime, atulutse mpweya pang'onopang'ono ngati akuuzira phala la mwana, kenako apitirize. Akamva kuwawa pachifuwa kapena chizungulire, asiye, mubwere nawo kuno."

Tidayamba m'mawa mwake. Adafika pankhokwe n'kuitsamira, akunditukwana ndi maso. Patapita masiku adafika pakhola, kenako pachitsime, kenako kutchalitchi. Amayi a m'mudzi adayamba kunong'ona kuti Manesi alibe chisoni, akufuna amalize mwamuna wake. Ine ndinkawayankha kuti, "Eya, ndikuwamaliza, si matabwa alipo kale?" Masiku ena a bambo a Hana ankakana kudzuka, ati ndatopa, ndisiye ndife. Sindinkakangana nawo. Ndinkangotsegula chitseko kuti aone matabwa aja atatsamira pakhonde. Ankapempha ndodo okha.

Titakolola, ndidatengera matabwawo kwa kalipentala kuti akhome benchi. Ine ndi mwana wathu Hana tidaisenza kukaiika pamwamba pa munda, pamthunzi wa msuku.

Tsiku la malire mudzi wonse udabwera kudzaonerera, ena atakonzeka kale kulira. A Agustino adayamba kukwera. Sadathamange ayi. Ankayenda pang'ono, kuima, kuuzira phala lawo lija, kuloza khonje ndi ndodo, n'kupitiriza. Chifuwa chinkalira ndithu, koma miyendo idagwira. A Benjamini adayamba ali patsogolo, jekete ili pathupi, akuyankhula za fodya amene adzalime. Pofika pakati pa phiri, jekete idali pamkono. Kupitirira pamenepo mawu adatha, thukuta lili kamukamu, akugwira maondo. Miyendo yozolowera galimoto ya chipani ija idawakana.

Amuna anga adafika pakhonje womaliza, kumugunda ndi ndodo, n'kukhala pabenchi. Akuluakulu adati nkhani yatha, munda ndi wathu. Ine ndidalulutira mpaka kummero kudauma.

Patapita nthawi achimwene adatulukira, akukwawa ndi manja, pakamwa pali yasa. A Agustino adawayang'ana, n'kusendera pang'ono kumapeto kwa benchi. Adadikira mpweya ubwere, popeza mawu awo masiku ano amatuluka apa ndi apo.

"Khalani apa, alamu, mupume," adatero akusisita thabwa. "Musaope. Ndi matabwa anu omwe aja."