Mwana Woyezera Phokoso

Atelala amasokera pakhonde la nyumba yawo, pakati pa chitseko ndi mgolo wa madzi. Anayamba ndi mayunifolomu a sukulu ndi mathalauza ong'ambika pamatako, koma masiku ano amadziwika ndi matenti. Amuna awo amayendetsa lole, ndiye malona akatha ntchito amabwera nawo kunyumba, iwo n'kudula, n'kusoka, n'kuika zipi. Tenti yawo ngakhale mvula ichite kukhuthuka, sidontha.

Vuto linali mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo, amene aliyense amamutcha Wailesi. Loweruka lililonse iye ndi anzake, anyamata ndi atsikana omwe, ankatulutsira kuseri kwa nyumba chisipika chachikulu ngati kabati. Mbale zinkavina pashelefu, singano n'kumaphonya mzere. Atelala anapirira ali woyembekezera, koma mwana atabadwa anati basi.

"Alamu, mwanayu akufunika tulo, inenso chimodzimodzi. Matenti ndikubwerekani, muzikavinira kutali."

"Kutali kwake kuti, alamu? Kulikonse amatithamangitsa."

"Malo ndikupezerani ndine."

Atelala sagula nsalu asanaikoke, ndiye malonso sakanawavomera asanawayeze. Kasitomala aliyense wobwera pakhondepo ankafunsidwa ngati akudziwa bwalo lomangapo matenti. Ankafuna madzi akumwa ndi chimbudzi chokhala ndi chitseko. Mtsinje pafupi ankaukana, chifukwa munthu akaledzera amadziona ngati nsomba. Koma muyeso waukulu unali kumsana. Ankabereka mwana, n'kukaima pa nyumba yoyandikana ndi malowo, kenako n'kukweza dzanja kuti Wailesi ayatse sipika. Mwana akadzuka, malowo ayi. Akapitiriza kugona, ndiye kuti palibe amene angadandaule.

Malo oyamba anali bwalo la kapinga kuseri kwa nyumba yogona alendo. Sipika itagunda, agalu anauwa, mlonda anatseka makutu ndi chipewa. Mwana anangoyasamula n'kutembenuza tsaya.

"Pano ndi pabwino," anatero Atelala.

"Alamu, mlonda uja akutiyang'ana ndi diso loipa."

"Makutu ake angapose a khanda? Bwerani Loweruka."

Wailesi ndi anzake anapitadi, koma dzuwa lisanalowe anali atabwerera, matenti atawakwinya ngati zochapa, nyama isanapse n'komwe. Alendo anadandaula, mwini malo n'kutsekulira ovinawo geti yekha kuti atuluke. Gululo linamalizira kuvina kuseri kwa nyumba monga kale.

"Anthu ena ndi nsanje chabe," anatero Atelala akupinda matenti. "Khanda linagona, iwo ndi ndani?"

Sanagwe ulesi. Tsiku lina mayi wodzafupikitsa siketi anatchula malo a amalume ake, pafupi ndi pomwe kale ankaphwanya miyala. Atelala anakwera basi, mwana kumsana, Wailesi pambuyo atasenza sipika. Mpopi unalipo, chimbudzi chinalipo, mitengo ya mthunzi yambiri. Nyumba yapafupi inali ya amalumewo, omwe makutu anawasiya ku makina ophwanyira miyala. Dzanja linakwezedwa, nthaka inanjenjemera, mwana anagona. Amalume anayang'ana sipika kwa kanthawi.

"Chinthu chanucho muyatsa liti?" anafunsa.

Loweruka lotsatira gulu lonse linanyamuka m'mawa. Atelala anasesa kuseri, anatola zitsekero za mabotolo, masana n'kugoneka mwana pabedi. M'nyumba munali zii, moti anamva koyamba kuti wotchi ya pakhoma imalira. Anadziponya pambali pa mwana n'kutseka maso.

Mwana anatsekula ake.

Analira ngati wamutsina. Anamuyamwitsa, anakana. Anamusintha thewera, anamuyang'ana m'makutu, anamubereka n'kuzungulira nyumba mpaka miyendo inawawa. Mayi woyandikana nawo anasuzumira pampanda.

"Anzathu, mwanayo mwamutani? Bola sipika ija, inkapumirako posintha nyimbo."

Atelala anaima pakati pa bwalo. Mwanayu anayamba kumva kugunda kuja ali m'mimba, ndipo Loweruka lililonse chibadwire ndi tsiku lomwe ankagona bwino kuposa onse. Sikelo yakumsana ija, yomwe anakwera nayo basi, n'kunyozera nayo mlonda wosalakwa, inali yakufa kuyambira pachiyambi.

Anatenga foni. Wailesi anayankha akupuma mofulumira, kumbuyo kukumveka chisokonezo.

"Alamu, kwagwanji? Musandiuze kuti kunonso atidandaula."

"Palibe wadandaula. Ikani foniyo pafupi ndi sipika."

"Mwati bwanji?"

"Mwamva. Ndipo mukauza achimwene anu, matenti mubweza lero lomwe."

Anaika foni pambali pa pilo. Kulira kunayamba kuchepa, kamwendo kanaleka kupalasa, diso limodzi linatsekeka. Linalo linatsala likuyang'ana amake ngati kasitomala amene sanakhutire. Atelala anawerama pafoni paja.

"Alamu," ananong'ona, "kwezani pang'ono."