Anakana sukulu yathu, koma mwana wathu anamufuna

Loweruka lapitali ndinakwera kwathu, kumapiri kuseri kwa Kasakula, ndipo ndinapeza mlongo wanga Naphiri akulongedza zovala za mwana wake m'jumbo. Mwanayo, Tadala, anali chiimire pakhomo, atasamba, atadzola mafuta ngati tsiku la Khirisimasi.

"Kodi ulendo wa kuti?" ndinafunsa ndisanakhale n'komwe pansi.

"Mwachita bwino kubwera, achimwene, ndimati ndikuimbireni," anatero Naphiri osandiyang'ana kumaso. "Amadamu amuitanitsa. Akufuna azikawalerera mwana."

"Amadamu ake ati?"

"Omwe aja. Aphunzitsi athu."

Abale anga, ndinaseka. Sikuti zinandikomera ayi, koma pali nkhani zina zoti ukapanda kuseka ukhoza kutukwana pamaso pa ana.

Ndikufotokozereni za aphunzitsi athu amenewa, kuti mumvetse chimene chinanditentha mtima.

Sukulu ya kwathu ili ndi makalasi onse, kuyambira Sitandade 1 mpaka 8, koma aphunzitsi alipo atatu, kuwerengera ndi ahedi omwe. Ahediwo, a Kamwendo, akhala akutsika phiri kupita kuofesi ya maphunziro mpaka nsapato zinatha zidendene. Yankho linali limodzimodzi: mangani kaye nyumba, mphunzitsi sangagone pansi pa mtengo.

Anthu akwathu sadziwa kutsutsana ndi ofesi. Anamva, naumba njerwa. Amuna anawotcha uvuni, amayi anasenza mchenga kuchokera kumtsinje, ana asukulu, Tadala yemweyu ali pomwepo, ankatuta njerwa pamutu m'malo molowa m'kalasi. Malata anatuluka m'fodya ndi soya wa anthu osauka. Nyumba inaima, yokongola kuposa ya wina aliyense m'mudzimo.

Temu ino itangoyamba, uthenga unafika kuti mphunzitsi wapezeka. Mayi, wa mwana wakhanda. Anabwera panjinga yamoto kuti adzaone malo. Tsikulo anthu sanapite kudimba. Nkhuku inafa, amvano anaimba, ndipo pamene mlendoyo ankadya, Tadala ndi amene ananyamula khandalo n'kulitonthoza mpaka kugona. Amadamu anayendera nyumba, anasuzumira m'chimbudzi, anakweza foni m'mwamba kusaka netiweki, kenako anati, "Malo ndawaona. Ndikatenge katundu."

Katunduyo akutengedwabe mpaka lero. Zinangomveka kuti atsala pasukulu ya kumsewu wa tala, pafupi ndi msika, ati akutsatira bambo. Ndiye sabata yathayi atumiza mawu: kamtsikana kaja kodziwa kugwira mwana mundipatse, kazidzaphunzira kuno.

Mwamva? Sukulu yathu anaikana, nyumba yathu anaikana, koma pa zonse zimene anaona tsiku lija anasankhapo chimodzi chowayenera.

Ndinamuuza Naphiri kuti mwanayo sapita kulikonse. Ine ndine mtsibweni wake, mwini mbumba, ndipo mwana wa Sitandade 6 sangakhale wantchito ine ndili moyo. Ndinalankhula mokweza, mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

Naphiri anandisiya ndimalize. Kenako anati, "Lamulani, achimwene, mbumba ndi yanu. Koma mundiuze, kuno akuphunzira kwa yani? Amadzuka, amasamba, amapita, amakaimba nyimbo, amabwera. Mufunseni awerenge chikwangwani cha Chingelezi muone. Kumsewuko mwina aziona ndi maso kuti mphunzitsi amaoneka bwanji."

Mlongo wangayu sanapite patali ndi sukulu, ndipo chimamupweteka n'chakuti mwana wake akulowera komweko atavala yunifomu.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinakoka a Kamwendo pambali. Bambo ameneyu wachepa thupi, ndipo mawu ake ndi osasa ngati munthu wogulitsa pamsika.

"Akulu, musandifunse ine," anatero. "Ndimalemba ntchito pabolodi mu 8, ndithamangire mu 6, ndikafika ndimve phokoso mu 7. Anzangawo wina ali ndi ana a Sitandade 1 ndi 2, gulu loti kungoitana mayina dzuwa lakwera. Makalasi enawo timasiyira mwana wamkulu ndi kandodo."

"Nanga kuofesi mwawauza kuti mayi uja sanabwere?"

"Ndinapita. Akuti malo ake kwathu kuno ndi odzaza kale, chifukwa anatumizidwa. Kuti atumize wina, ayambe amuchotsa iyeyo, ndipo zimenezo zimafuna chilolezo cha kumtunda. Ndiye tikudikira kumtunda."

Kumtunda! Ife okhala pamwamba pa phiri tikudikira kumtunda. Munthu sanagwirepo choko pasukulu pathu ngakhale tsiku limodzi, koma akutitsekera malo.

Ndinagonja. Ndinauza Naphiri kuti mwanayo apite, koma mawu anga akafike kwa amadamu: Tadala azilowa m'kalasi m'mawa uliwonse, za mwana aziona akaweruka. Madzulo omwewo anakwera njinga yamoto, jumbo lake pamiyendo, akumwetulira.

Lachitatu, potsika kubwerera kutauni, ndinakwera njinga yomweyo. Woyendetsa wake ndi Lameki, bambo wa ana awiri wa m'mudzi woyandikana ndi wathu. Tili m'njira, tikulimbana ndi miyala, ndinamufotokozera zonse monga amachitira munthu wodzaza mtima.

"Madala, musandikumbutse," anatero. "Amadamu amenewo ndinawakweza ndine tsiku lija, chonsecho inetu ndine mphunzitsi. Ndinamaliza kukoleji, pepala lili m'sutikesi. Chaka ndi chaka timangomva kuti mayina atuluka posachedwa, akudikira chilolezo. Nyumba imene munamangayo atati andipatse, ndikhoza kulowa lero lomwe. Kwathu n'komweko, netiweki ndimadziwa mwala woimapo kuti igwire."

Mphunzitsi wokana phiri anakwezedwa phirilo ndi mphunzitsi wolifuna, n'kumulipira ya kabaza. Ndinamuuza Lameki kuti tikafika kumsewu tipatukire pasukulu ija, ndikaone mwana wanga ali m'kalasi.

Tinafika nthawi ya maphunziro ili mkati. Pansi pa mtengo wa mango panali mabenchi, ndipo pamabenchipo panali aphunzitsi. Sindinawawerenge, koma okhala pansi okhawo anali ochuluka kuposa aphunzitsi onse a kwathu. Wina ankachonga makope, chabwino. Wina ankasewera ndi foni. Amayi awiri ankayalirana zitenje zogulitsa. M'makalasi namo munali aphunzitsi, ntchito ikuyenda. Pamenepa kalasi imodzi amagawana anthu angapo, uyu masamu, uyu Chichewa, uyu akalowa kamodzi basi tsiku latha.

Tsono ndikufunseni, inu owerenga. Ana a kumsewu ndi ana a kuphiri anabadwa mosiyana? Mayeso a Sitandade 8 amabwera awiri, ena a ana okhala ndi aphunzitsi, ena a ana oyang'aniridwa ndi kandodo? Zotsatira zikatuluka, si ife tomwe timati ana akumudzi ndi aulesi, makolo awo sasamala sukulu?

Timamva pawailesi akuluakulu akunena kuti mphunzitsi mmodzi akuyenera kukhala ndi ana akutiakuti, ndipo zinthu zikusintha. Amatenga ana onse a m'boma, n'kugawa ndi aphunzitsi onse a m'boma, yankho n'kutuluka looneka bwino. Kugawa kotero ngakhale ine ndikhoza. Koma masamu amenewo amaika a Kamwendo ndi anthu a pansi pa mango aja m'thumba limodzi, ngati kuti mphunzitsi wokhala pabenchi kumsewu akuphunzitsako mwana wa kuseri kwa Kasakula.

Ndipo musandiuze kuti aphunzitsi kulibe. Alipo. Ena atsala opanda kalasi m'sukulu za m'misika, kuyambira kuno mpaka ku Chisepo mukaona zomwezi. Ena akuyendetsa kabaza, kugulitsa mayunitsi, kulima maganyu, mapepala awo ali m'masutikesi. Otsalawo kuwasamutsa akuti n'kovuta, ofunawo kuwalemba akuti dikirani. Kodi chilolezocho chimachita kulimidwa, kuti tidikire mvula?

Kusamutsa kumene amakulengeza kuja, tonse timadziwa mmene kumathera. Amene alibe womudziwa amanyamula katundu. Amene ali ndi mlamu paofesi, kapena amapemphera tchalitchi chimodzi ndi abwana, mawa lake amapezeka ndi matenda osalola kukwera phiri. Kutsatira bambo nako ndi njira yotsetsereka, imangoyenda kulowera kumsewu. Sindinamvepo bambo wotsatira mayi kubwera kwathu.

Sindikunena kuti kuphiri n'kokoma. Chipatala chili kutali, mvula ikagwa msewu umasanduka phala, magetsi timangowaona usiku kutsidya. Mphunzitsi ndi munthu, ali ndi banja, ndipo boma likanafuna likanamupatsa chifukwa chomveka chokhalira kumeneko. Koma zimenezo ndi zoti ofesi ikonze, osati zoti mwana wa Naphiri alipire.

Ndinazungulira makalasi a Sitandade 6 kusuzumira m'mawindo. Tadala munalibe. Mayi wina pansi pa mango paja anandilozera nyumba ya lendi kuseri kwa bwalo la mpira.

Ndinamupeza atagwada pabeseni, akuchapa matewera, khanda lili kumsana. Atandiona anadzidzimuka n'kufuna kubisa manja.

"Kusukulu bwanji?" ndinamufunsa.

"Amadamu ati ndiyamba temu yamawa, atsibweni. Ati yunifomu ya kuno ndi ina, sanasoketse."

Belu la sukulu linkamveka bwinobwino kuchokera pabeseni pomwepo.

Ndinatuma Lameki akaitane amadamu. Anabwera msanga, poti analibe kalasi nthawi imeneyo. Ndi mayi waulemu ndithu, anandipatsa mpando, anandigwadira popereka moni.

"Bambo, musandione ngati woipa," anatero. "Kumene kuja mwana wanga atadwala ndikanathamangira kuti? Ndipo mtsikanayu ndikumusunga bwino, akudya chimene tikudya ife."

"Mayi," ndinatero, ndikudzigwira, "kumene kuja kulinso ana, nawonso amadwala. Koma sindinabwerere zimenezo. Inu munatumizidwa kukaphunzitsa mwana uyu. Mwakana, chabwino. Ndiye mwamutsitsa phiri kuti akuchapireni matewera, inu mukhale pansi pa mtengo?"

Amadamu anamasula khandalo kumsana kwa Tadala, ndipo ine ndinauza mwanayo kuti atenge jumbo lake.

Kunena zoona, mkwiyo wanga waukulu suli pa mayi ameneyu. Iye anapeza khomo lotsegula, nalowa. Mkwiyo wanga uli pa amene amasunga makiyi: amene anatiuza kuti timange nyumba, amene akudziwa kuti m'nyumbamo mukugona mileme, amene akudziwa komwe mayiyo ali ndi komwe Lameki ali, koma akuti sangachite kanthu mpaka wina kumtunda asaine. Ana awo ali m'sukulu zolipira, ndiye kudikirako sikuwawawa. Ofesi ikhoza kudikira, koma mtsikana wa kumudzi sadikira. Akukula. Lero wamuitanitsa ndi mphunzitsi, mawa amuitanitsa ndi mwamuna wogula fodya, ndipo amayi ake adzafunsa funso lomwe lija loti kuno akuphunzira kwa yani.

Ulendo wa kutauni ndinausiya. Tinakwera atatu panjinga ya Lameki kubwerera kuphiri, Tadala pakati. Ine mumtima ndinkadziona ngati ndachita chamuna, ndapulumutsa mwana. Titafika pokwera penipeni, pamene njinga imalira ngati ikufa ndipo okwera amatsika kuti ayende pansi, Tadala anandigwira malaya.

"Atsibweni, kuja mwina temu yamawa ndikanayambadi. Nanga kuno mawa andiphunzitsa ndani?"

Ndine munthu wa pakamwa, mumandidziwa, sabata iliyonse ndimadzaza tsamba lino. Koma pamenepo ndinangomulandira jumbo lake basi. Lameki anayang'ana kumbali n'kuyamba kukankha njinga yake.

Inu amene muli ndi cholembera chosainira, kaya muli paboma kaya kulikulu, mwanayu sanafunse ine ndekha. Dzina lake ndi Tadala, ali mu Sitandade 6, ndipo mawa m'mawa asamba, avala yunifomu, akakhala pansi m'kalasi kuyang'ana kukhomo. Ndikamuuze kuti alowa ndani?