Zimene Ndinauza Kalaliki wa M'foni

Uthenga unandipeza ndikusenda chinangwa cha makaka kuseri kwa nkhokwe, dzuwa lili paliwombo. Kafoni kanga ka mabatani kanalira pamfundo ya chitenje pomwe ndimakamangirira. Anali mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi, amene ndinamulera ndekha kuyambira akuyamba kuyenda, amene lero amasoka zovala ku Kelimane.

"Agogo, mwakhala pansi?"

"Ndakhala. Wamwalira ndani?"

"Inunso agogo! Palibe wamwalira. Andifunsira mbeta. Mwezi wamawa akubwera konko kudzatomera."

Mpeni unagwa wokha. Nthungululu inatuluka yokha. Nkhuku zinabalalika, ine ndikuzungulira nkhokwe, ndikuimba kuti wanga uja, wanga uja, wanga amufuna, wanga amuona! Mdzukulu akuseka m'foni, ine ndikuvina, makaka ali mbwee m'dothi.

Nditakhala pansi kupuma, anawonjezera mawu ena. Anati akuchimuna ndi anthu a mumzinda, ndipo ali ndi kachitidwe kawo: wachibale aliyense wamkulu amalemba mawu a mafuno abwino, amati maparabensi, n'kutumiza pafoni tsiku la chitomero lisanafike.

"Anu ndiwo ndikuwafuna kwambiri, agogo. Pitani kwa aprofesora, ndawauza kale kotumiza."

Chimwemwe chinagona tsiku limodzi, m'mawa mwake kunadzuka mantha. Ine zilembo ndinaziphunzira ndili mayi kale, pansi pa mtengo kukampu ku Malawi, nthawi imene tinathawa nkhondo. Ndimalemba, inde, koma zilembo zanga zimayenda ngati munthu wosenza mtolo pachitunda. Zimene mukuwerengazi ndazilemba masabata ambiri m'kaderno, kabuku kolembamo ana a sukulu, tsamba lero, tsamba mawa. Ndiye ine ndilembe mawu oti aikidwe pamodzi ndi a anthu ovala magalasi? Ndinaopa kuchititsa mwana manyazi. Sindinadziwe kuti choopsa chenicheni chinali kwina.

Loweruka ndinapita kwa aprofesora. Ndi mayi wa ku Mocuba, anabwera chaka chatha kudzaphunzitsa pasukulu yathu kuno ku Majaua. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Iwo amanditcha vovó, ndiye kuti agogo. Anatulutsa foni yawo yaikulu yosisita.

"Vovó, musavutike. Muno muli chinthu, timachitcha IA. Mukachiuza zimene mukufuna, chimalemba."

"Ndiye kuti muli kalaliki?"

"Eya, kalaliki. Koma wosapempha tiyi."

Anamuuza kalalikiyo kuti alembe mawu a gogo oyamikira mdzukulu amene watomeredwa. Ndisanameze malovu, anali atalemba kale. Aprofesora anandiwerengera: madalitso, chikondi, mtendere, nyumba ya chimwemwe. Mawu osalala ngati mbale yatsopano, koma opanda kanthu m'kati.

"Ayi," ndinatero. "Awa angapite kwa mwana wa aliyense. Wanga mulibemo."

"Chimalemba zimene mwachipatsa, vovó. Mukachipatsa pang'ono, chimakubwezerani zozizira. Taonani, chikufunsanso chokha. Chikuti, kodi n'chiyani chimene inu ndi mdzukulu wanu munadutsamo, chimene simudzaiwala?"

Anadina penapake n'kundiikira foni pakamwa kuti ndiyankhule.

Apa ndipo ndinalakwira, ndipo ndinene bwinobwino mmene ndinalakwira. Kwathu kuno, munthu amene amakufunsa za mwana wako pa nkhani ya ukwati ndi nkhoswe. Nkhoswe sumubisira kanthu. Umamuthirira zonse m'lichero, iyeyo ndiye amapeta, amadziwa chopita nacho kwa eni mwamuna lero ndi choyamba wasunga. Ine nditamva funso laulemu lija, mtima wanga unamuyesa kalaliki uja nkhoswe. Ndinamuthirira zonse.

Ndinamuuza kuti mwanayu ali ndi matenda akugwa, khunyu. Ndinamuuza za tsiku loyamba, pachitsime, ali kamtsikana ka mano ogweluka, mmene anagwera, thovu kukamwa, amayi anzanga n'kuthawa kusiya ndowa zawo poopa kuti thovulo liwapatsira. Ndinamuuza za kambale kake kamene ana a eni ankakana kudyeramo. Ndinamuuza mmene ndinkamuberekera, miyendo yake ikundimenya m'mawondo, mpaka kumsewu kokwerera shapa, minibasi ya kuno, yopita ku vila, kutauni kumene kuli chipatala. Mwezi ndi mwezi mapilitsi, mwezi ndi mwezi ulendo. Pamoto ayi, kumtsinje yekha ayi. Ndinamuuzanso kuti papita zaka zambiri osagwa, kuti amamwabe mankhwala ake, kuti lero ndi uyo akusoka madiresi a akwati. Ndinayankhula ndikuimba, ndinaimba ndikulira.

Kalaliki sanapete. Anatenga zonse n'kuzikongoletsa. Aprofesora atawerenga, nyemba zinawagwa pamiyendo. Panali mawu akuti, iwe amene ndinakubereka m'masiku a matenda akugwa, lero waima wekha ndipo wina waima pambali pako. Ndinati eya, ameneyo ndiye wanga!

"Za matendazi zikhale momwemo, vovó?"

"Zikhale! Mwini wake akuzidziwa. Akawerenge, alire ngati ine."

Ine kalata ndimaidziwa. Kukampu tinkalemba kalata, n'kuipinda, n'kupatsa munthu wowoloka Ruo, ndipo inkafika m'dzanja limodzi. Ndinkayesa kuti iyinso ikupita m'dzanja la mdzukulu wanga. Aprofesora nawo anayesa kuti nkhani imene gogo akuiimba mokweza chonchi pakhonde ndi yodziwika kwa onse. Anamuuza kalaliki kuti aikenso m'Chipwitikizi kuti akumzinda amve, n'kudina.

"Yapita," anatero. Ndinabwerera kwathu ndikuvina m'njira.

Lamulungu masana, nditangochokera kutchalitchi, ndinamva njinga yamoto. Anali mwana wanga wamwamuna, malume wake wa mtsikanayo, amene amagulitsa zitsulo za njinga ku vila. Iyeyo ndiye nkhoswe yeniyeni. Sanapereke moni.

"Amayi, mwachita chiyani?"

Anandionetsa foni yake. Anati mawu anga sanapite kwa mdzukulu yekha. Anapita pagulu la pafoni limene ana anatsegula chifukwa cha chitomerochi, mmene muli ife akuchikazi ndi akuchimuna onse: amayi a mnyamata, azakhali ake, amalume ake, ngakhale a ku Beira. Pansi pa mawu a anthu ena panali timitima tofiira. Pansi pa anga panalibe kanthu, kupatula funso limodzi la azakhali a mnyamata: kodi zimenezi mumafuna kutiuza liti?

Ndinakhala pansi pomwepo, ndi zovala za kutchalitchi.

"Sungaibweze?"

"Ndauza aprofesora afufute, afufuta. Koma anthu anawerenga dzulo lomwe. Mnyamata amadziwa, mwanayu anamuuza kalekale. Tinapangana kuti makolo ake ndiwauze ine, pamphasa, pang'onopang'ono, ndi pepala la kuchipatala m'manja. Inali ntchito yanga imeneyo, amayi."

"Nanga amayi ake akuti chiyani?"

"Sakuti kanthu. N'chimene chikundiopsa."

Ndinaona nkhondo, ndinawoloka mtsinje madzi ali m'khosi mwana ali pamutu, koma mantha a sabata imeneyo anali amtundu wina. Kunkhondo wokuthamangitsa ndi munthu wina. Apa wothamangitsa mwana wanga anali ine. Ndikudziwa mabanja amene anabweza mtsikana chifukwa cha matenda amenewa. Wina ali pamudzi pomwe pano, wakalamba pakhomo pa amake. Ndinkati ndikatseka maso n'kuona mdzukulu wanga akutsika shapa ndi makina ake osokera pamutu, akubwerera kwa ine.

Lolemba sanayankhe foni. Lachiwiri sanayankhe. Makaka anavumbwa ndi mame pathandala, ine osawaanula. Lachitatu anayankha, mawu ali ouma.

"Sindinakwiye, agogo. Mawu anu ndawawerenga kambirimbiri. Koma amayi ake anditumizira uthenga kuti ndiyambe ndaima kusoka diresi."

Ndinathamangira kwa aprofesora. Anandilandira ndi misozi, akupepesa m'zinenero zitatu. Ndinati ndipatseni kalaliki wanuyo ndimufunse. Ndinamufunsa kuti iwe, unalemberanji zinthu zosayenera kupita kwa apongozi? Anayankha mwaulemu womwe uja, kuti pepani, sanadziwe amene adzawerenge, ndipo ngati ndikufuna angathe kulemba mawu opepesa okoma. Aprofesora anati tiyeni tiyese. Ndinati ayi. Pakamwa panga ndi pamene panalakwa, ndipo sindibwerekanso pakamwa pa wina. Ndinauza mwana wanga kuti awauze amayi a mnyamata kuti gogo uja akupempha kuonana nawo maso ndi maso. Ngati iwo sangabwere, ine ndigulitsa mbuzi ndipite ku Kelimane.

Anabwera okha, Lachisanu, kumbuyo kwa njinga yamoto ya mwana wanga, fumbi lili m'nsidze. Mayi wamtali, wa magalasi ndithu. Anakulira ku Molumbo, ndiye Chinyanja amachidziwa, chosakaniza ndi Chilomwe. Ndinayala mphasa pansi pa mango. Ndinawapatsa madzi, anaika kapu pansi osamwa. Mtima wanga unati basi, zatha.

"Ndinawerenga kalata yanu, amayi," anatero. "Inalembedwa bwino kwambiri, n'chifukwa chake sindinaikhulupirire. Ndabwera kudzamva kwa mwini wake."

Anafunsa, ine ndikuyankha. Anagwa liti komaliza? Ndinawauza. Mankhwala akasowa? Ndinati sanasowepo, ndipo tsiku limene adzasowe, muziopa. Ana ake adzakhala nawo matendawa? Ndinati sindikudziwa, mukafunse kuchipatala, ine sindikunamizani. Kenaka anavula magalasi.

"Foni ikanapanda kuulula, inuyo mukanandiuza?"

Mwana wanga anatsegula pakamwa, ndinamuletsa ndi dzanja. "Uyu akanakuuzani, ndi ntchito yake. Koma ine, amayi, ine ndikanakonda mukanapanda kudziwa mpaka kalekale. Ndinkaopa. Ndikuopabe pano."

Bango linagwa pafupi ndi mphasa, palibe analitola.

"Akagwa mumatani?" anafunsa mayi aja.

Kufotokoza ndi pakamwa kunandikanika. Ndinauza mwana wanga kuti gona apa. Anati amayi, ine? Ndinati gona, unagonapo pamsana panga iwe. Bambo wamkulu wandevu, wa nsapato zopukuta, anagona pamphasa. Ndinaonetsa: chotsani moto, chotsani mpeni ndi chilichonse cholasa. Pindani chitenje, ikani kumutu. Musamupanikize, musamuike kanthu m'kamwa, ngakhale supuni. Kugwedezeka kukatha, mutembenuzeni chammbali, chonchi. Thovu silipatsirana, taonani ine ndalipukuta ndi manja awa zaka zonsezi. Ndiye mukhale pomwepo, muziimba pang'onopang'ono, kuti akamadzuka amve kuti sali yekha.

"Tatembenukani bwino, achimwene, mukulemera ngati thumba la nandolo," anatero mayi aja. Ndinadzidzimuka: anali atagwada kale mbali inayo, manja ali paphewa la mwana wanga. Anamutembenuza kawiri mpaka anakhoza. Kenaka anati, "Nyimboyo ndi iti? Ku Kelimane amene adzakhale pafupi ndi ine, osati inu."

Ndinaimba. Iwo anatsatira, molakwitsa, ndinawakonza. Atatha anatola kapu ija n'kumwa madzi onse.

"Azakhali ake a mwana wanga sabwera, ndikuuziranitu," anatero akupukuta pakamwa. "Koma ife tibwera. Muuzeni mwanayo amalize diresi. Ndipo inu asewere, mukadzafunanso kundiuza kanthu, mudzandiimbire ndi kafoni kanu komangirira pachitenje ako."

Asewere! Ananditcha asewere!

Tsiku linafika. Akuchimuna anapereka tambala, ife tinapereka msoti, ankhoswe anagwirana chanza. Ine maso anga anali pa mdzukulu wanga tsiku lonse, poti kutentha ndi phokoso ndimaziopa. Nditacheuka ndinapeza maso ena awiri, a magalasi, ali pa iye yemweyo.

Mayina a anthu sindilemba, foni inandiphunzitsa kuti cholembedwa chimayenda. Ndiwatchula mmene ndimawaitanira. Anabwera asewere anga, ndi amuna awo osayankhulayankhula. Anabwera mkamwini wathu, wamanyazi ngati mwana wa sukulu, ndi amalume ake a chipewa. Anabwera mwana wanga wogona pamphasa ndi mkazi wake ndi ana awo onse. Anabwera achemwali anga a ku Mongue, pa njinga yakapalasa, atanyamula nkhuku. Anabwera asuweni a kutsidya kwa Ruo, amene anatisunga nthawi ya nkhondo. Anabwera amayi a kwaya, akatekisita, ndi anamwino opuma aja amene ankatipatsa mapilitsi. Anabwera aprofesora, foni ataisiya kunyumba. Anabweranso amayi a pachitsime, omwe aja anathawa n'kusiya ndowa, anabwera onse, ndipo anadya m'mbale imodzi ndi wanga uja, wanga uja, wanga uja.